Jagi Imene Inabwera ndi Napolo

Nkhani iyi ndinaimva koyamba ku Luchenza, masiku amene ndinkayendayenda ndi ntchito yowotcherera ndowa ndi mabeseni, sitima ikadaima pa siteshoni paja amayi n'kumakweza nanazi m'mawindo. Anandiuza ndi mlamu weniweni wa mwini nkhani, tikuwotha moto wa zitsononkho kuseri kwa golosale. Tasunthirani kuno, utsi ukupita uko.

Kunsi kwa phiri la Mulanje, cha ku Chitakale, kunali bambo wina dzina lawo Lekisoni Namakhwa. Ntchito yawo inali yoyendetsa lole ya tiyi, koma mukafunsa njira ya kwawo palibe ankatchula lole. Anthu ankangoti, "Oo, aja a zigubu za Azungu aja?"

Sizinali zigubu wamba ayi. Zinali ziwiya zadothi za ku Mangalande, zoumbidwa kalekale m'masiku a mafumu awo aja otchedwa Joji, zaka zoposa mazana awiri zapitazo. Azungu a m'minda ya tiyi anabwera nazo ngati katundu wa makolo awo, ndipo pobwerera kwawo ena anangozisiya m'makhitchini. Zinamwazikana m'midzi. Wina ankasungiramo misomali, wina parafini, wina mbewu ya therere. A Namakhwa akangomva kuti kwakutikwakuti kuli kabotolo kadothi kolemera, ankapita ndi ndowa yatsopano kapena tambala, n'kubwerako atakakulunga m'jekete pa mpando wakutsogolo wa lole ngati khanda.

Sukulu anaisiyira panjira, koma dothi ili ankalidziwa. Anapangitsa mashelefu a mkungudza pabalaza, ndipo mlendo aliyense, kaya wabwera kudzabwereka khasu, ankayamba waima pamenepo.

"Tagwirani apa," iwo ankatero. "Mwamva khungu lake ngati la lalanje? Ndi mchere umenewo. Moto ukafika pachimake ankaponya mchere m'ng'anjo, dothi n'kusanduka mwala." Akatero ankachigogoda ndi chikhadabo. "Mtsuko wathu umati phu. Ichi chimati ngwee!"

Akazi awo, mayi a Tereza, ankawaseka kuti anakwatira mitala ya mabotolo. Koma kukabwera alendo ochokera ku Blantyre kudzaona mashelefu aja, mayiwo ndiwo ankayamba kuvala chitenje chatsopano. Amene sankaleka kuwanyogodola anali mlamu wawo Bisiyasi, mchimwene wa mayi a Tereza. Ameneyu anali mdzukulu, mmodzi wa okumba manda m'mudzimo, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko.

"Alamu, majagi onsewa, ine mukundipatsa madzi m'kapu ya pulasitiki?"

"Inu mungagwetse."

"Ine ndimanyamula anthu akuluakulu mpaka kumanda osagwetsa, ndiye ndigwetse kam'phika kopanda ndiwo?"

"Amene mumanyamula inuwo sasweka, alamu."

Chaka china mvula inagwa yosalekeza, ndipo napolo anatsika m'phirimo. Madzi anabwera ndi miyala ngati nyumba, mitengo ndi mizu yake, n'kukokolola chilichonse cha m'njira yake. Atapita, a Namakhwa anapita kumtsinje wa Lichenya kukaona ngati mlatho ungapirire lole. Akuyenda pa mchenga watsopano uja, anaona kukamwa kwa chinthu chofiirira kutasuzumira pakati pa zinyalala.

Anafukula ndi manja.

Inali jagi yaikulu, kumtunda yoderako ngati uchi wakale, kumunsi yoyererako ngati mchenga. Kuzungulira mimba yake kunali agalu osaka, otukuka pa dothipo moti chala chinkawamva nthiti, akuthamangitsa kanyama, munthu wa pa hatchi ali pambuyo pawo. Pafupi ndi chogwirira panali kachisoti kachifumu ndi zilembo ziwiri za Mfumu Joji. Inali itagubuduzika pakati pa miyala imene inagwetsa milatho, koma sinabenthuke ngakhale pakamwa. Pa mashelefu awo onse panalibe chofanana nayo.

Kenako anaitembenuza kuti atsanule mchenga, ndipo mchengawo unatulukira pansi.

Panali bowo. Silinali la mwala wa mumtsinje, linali lozungulira bwino, lapakatikati, loboola munthu mwadala. Ndipo palibe wokulira kuno amene sadziwa tanthauzo lake. Chiwiya chimene munthu ankachikonda chikamperekeza kumanda, amachiboola pansi, kuti amoyo asachisirire, komanso kuti chimene achibale athiramo chitsikire kwa mwini wake. A Namakhwa ankadziwa zimenezi monga ankadziwira dzina lawo. Anaima pamenepo nthawi yaitali, madzi akuwanyambita nsapato.

"Ine kumanda sindinapiteko," anatero pomaliza, ngakhale panalibe wowafunsa. "Abwera nayo ndi madzi."

Anavula jekete.

Za bowo lija sanauze munthu. Anatenga phale la botolo lina losweka, n'kulipera pa mwala mpaka kukhala ufa, n'kusakaniza ndi guluu wolimba wa ku galaja. Anatseka, anapala, anapaka utoto, anapalanso, mpaka iwo eni akatembenuza jagiyo ankachita kufufuza ndi chala. Atathiramo madzi, pansi panakhala pouma gwa. Chimwemwe chinawakwera kumutu.

"Mayi a Tereza! Tabwerani ndi kapu yagalasi ija."

"Lero kwagwanji? Si paja izi sitimwera?"

"Iyi yokha. Mukhale inu woyamba. Ngakhale mfumukazi ya kwawoko sindikhulupirira kuti inamwerapo m'chotere."

Mayi aja anaseka, n'kugwada mwachipongwe ngati akulandira kwa bwana, n'kumwa madzi onse. Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Akuzizira ngati a m'phanga," anatero. "Koma akumveka dothi."

Jagi ija inakhala pakati pa shelefu yapamwamba, ndi madzi ake otsala.

Kutacha, madzi aja munalibe. A Namakhwa anasisita shelefu, youma. Anasisita pansi pa jagi, pouma. Anathiramo ena, ndipo tsiku lotsatira munalinso mbee, ngati simunalowepo dontho. Anati mwina dothi lakale likumwa lokha, ngakhale ankadziwa bwino kuti dothi lowotchedwa ndi mchere silimwa madzi. Iwo omwe ndiwo ankauza alendo zimenezo.

Kenako zodabwitsazi zinachoka pa shelefu n'kufalikira m'nyumba monse. Ndowa imene mayi a Tereza atunga madzulo inkapezeka ili pakati. Tiyi wosiyidwa pa tebulo munthu akatuluka kukakusa nkhuku, pobwera ankapeza masamba okha pansi pa kapu. Galu wawo, amene ankagona pakhomo la pabalaza chibadwire, anasamukira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ngakhale amuonetse fupa sankadutsa pakhonde.

Chisisira chikamagwa, majagi ankalira. Mukudziwa mmene botolo limalirira mwana akamauzira pakamwa pake? Choncho. Linkayamba limodzi la kumapeto, huuu, motsitsa, kenako loyandikana nalo, kenako linalo, ngati munthu akuyenda m'mbali mwa shelefu n'kumasuzumira m'chilichonse. Mawindo ali chitsekere. Likafika pa jagi ya agalu, phokoso linkaleka.

"Ndi mphepo ya m'phiri," a Namakhwa ankatero.

"Mphepo yake yosagwedeza katani?" ankayankha mayi a Tereza, kapu ili m'manja.

Pakuti masiku amenewo kapu sinkachoka m'manja mwawo. Poyamba ankangoti kukutentha. Kenako anayamba kumwera m'chikho, kenako kuweramira mu ndowa momwemo. Milomo inang'ambika. Mawu anasasa. Kuchipatala anawayeza shuga, anawayeza magazi, osapeza kanthu, n'kuwauza kuti azimwa madzi ambiri. Mayi aja anaseka mpaka kutsokomola.

Tsiku lina masana dzuwa lili paliwombo, a Namakhwa akutsika ndi lole pakati pa minda ya tiyi, anaona munthu ataima m'mbali mwa msewu. Anali wamtali, wovala chinthu chonga chikhoti chakale, ndipo miyendo yake inali matope mpaka m'mawondo, chonsecho msewu unali fumbi lokhalokha. Sanaimike galimoto ndi dzanja monga amachitira anthu. Anangotambasula manja onse awiri, atawapinda ngati wolandira madzi. A Namakhwa anaponda buleki, n'kuyang'ana pa galasi. M'msewu munali fumbi la lole lokha.

Mawa lake anamuonanso, koma pafupi ndi mlatho. Tsiku linalo amayi a pa mjigo anati kunadutsa bambo wachilendo, anaima n'kumayang'ana madzi akutuluka, osapempha, osapereka moni. Atawafunsa kuti nkhope yake inali yotani, amayiwo anayang'anana. Aliyense ankakumbukira matope. Nkhope palibe anaigwira.

Ndiye m'mawa wina mayi a Tereza akusesa anapeza mapazi pakhonde. Mapazi opanda nsapato, aakulu, a matope aawisi. Anakwera masitepe, anadutsa chitseko osaima, n'kukathera pa windo loyang'anana ndi shelefu. Obwerera panalibe.

Mayi aja sanakuwe. Anakhala pansi pomwepo, tsache lili pamiyendo.

"Bambo a Tereza," anatero ndi mawu ngati a pepala, "ine ndikumwa, koma madziwo sakufika. Akumatsika pakhosi bwinobwino, kenako basi. Ngati akumwa ndi wina."

A Namakhwa anatumiza uthenga kwa mlamu wawo.

Bisiyasi anabwera akuimba kamluzu, koma ataona mlongo wake atagona pa mphasa, maso atalowa, kamluzu kanathera pamlomo. Anamva zonse, za ndowa, za galu, za mapazi. Kenako anapita pa shelefu n'kutsitsa jagi ija osapempha, ndipo kwa nthawi yoyamba mwini nyumba sanamuletse. Anaisuzumira m'kati, anainunkhiza, anaitembenuza n'kuyang'anitsitsa pansi pake pa kuwala kwa pakhomo.

"Ndimaganiza kuti mwina ndi ya kumanda," anatero. "Koma ayi, iyi ndi yabwinobwino. Ilibe bowo."

Apa ndiye panali povuta. A Namakhwa akanatha kukhala chete. Koma ntchito ya manja awo inali itapusitsa diso la munthu amene waboola mbale za maliro moyo wake wonse, ndipo mantha ndi kunyada zinatulukira pakamwa limodzi.

"Simukuliona chifukwa ndinatseka ndine."

Bisiyasi anaika jagi ija pa tebulo pang'onopang'ono, n'kupukuta manja m'buluku.

"Alamu. Mwatseka pakamwa pa munthu."

"Ndinaitola kumtsinje."

"Ndiye mwamumwetsa mlongo wanga m'chikho cha wakufa? Inu ndi nzeru zanu za zigubu, inu!"

Mayi a Tereza anatembenukira kukhoma. Zimenezo zinawapweteka a Namakhwa kuposa mawu a mlamu wawo.

"Tikaibweze," iwo anatero. "Lero lomwe. Inu manda onse a kuno mumawadziwa."

"Tikaibweze kuti? Manda akale a kumtunda aja napolo anadutsa pakati pake. Ndinakaonako. Pali miyala yokhayokha, ngakhale mtengo umodzi." Bisiyasi anakanda m'mutu. "Akuluakulu amene anandiphunzitsa khasu ankatchula manda ena kumeneko kuti pa jagi. Ankati anagonapo kapitawo wa amtengatenga, amene ankanyamula katundu wa Azungu pamutu kuchokera kudooko. Mbumba yake inatha kalekale, ngakhale dzina palibe akulidziwa. Tiiboole basi, tikaiponye pomwe munaitola."

"Jagi iyi siponyedwa mumtsinje."

"Mwati bwanji?"

"Ndati siponyedwa."

Bisiyasi anaimirira. "Tanenani bwino, alamu, ndimve. Mukusankha dothi kapena mlongo wanga?"

"Khalani pansi. Munthu uyu madzi amuchotsera nyumba, amumwaza mafupa. Chatsala n'chimodzi chokha chimene chimamudziwa, ndi ichi, n'chifukwa chake wachitsatira mpaka pakhonde langa. Tikachiponya m'madzi akagona kuti? Azingoyendayenda m'misewu ndi ludzu lake, ndipo akatopa abwerera pomwe anamwera komaliza." Anayang'ana ku mphasa. Kenako anaika dzanja pa agalu aja. "Komanso tamuonani munthuyu. Pa katundu yense amene anadutsa pamutu pake, iye anagona ndi ichi kumutu. Ankadziwa chinthu chabwino ameneyu. Munthu wotero sindingamutaye m'madzi kawiri. Ndimupatsa malo pano."

"Pakhomo? Mlendo wotere akakhala sachoka."

"Asachoke."

Bisiyasi anayang'ana mlongo wake. Mayi a Tereza sanatembenuke, koma anakweza dzanja pang'ono n'kuloza kumunda.

Anasankha pansi pa mtengo wa mapeyala, kumapeto kwa munda. Dzuwa linali litangolowa kuseri kwa tiyi, phiri likadali lofiira pamwamba. Bisiyasi anakumba kadzenje, n'kubwera ndi chigubu cha thobwa chimene anakapempha kwa aneba. A Namakhwa anakhala pansi, jagi itagona chafufumimba pa miyendo yawo, n'kuyamba kukolopola chotsekera chija ndi mpeni.

Mpeni unangoterereka. Anayesa chisongole cha waya, chinapindika. Guluu uja ndi ufa wa phale zinali zitagwirana n'kukhala mwala umodzi ndi jagiyo. Anali atagwira ntchito yabwino kwambiri.

"Pafunika msomali ndi hamala," anatero Bisiyasi, "monga timachitira."

"Dothi ili si chitini. Likalakwika limasweka lonse."

"Likasweka ndiye kuti alibe pomwera. Ndipo mlongo wanga..." Sanamalize. "Bweretsani kuno, ine ndazolowera."

"Manja anuwo ndi a khasu. Patseni hamala."

A Namakhwa anaimika msomali. Ndipo pamenepo onse awiri anamva fungo, fungo la dothi lonyowa la pansi penipeni, lija limatuluka dzenje likafika m'chiuno. Nkhululu zimene zinkalira m'munda zinaleka. Kumbuyo kwa a Namakhwa kunamveka kanthu kakudontha pa masamba ouma, tho, tho, tho. Bisiyasi, amene anayang'ana kumeneko, anagwetsa maso pansi msangamsanga n'kuvula chipewa.

"Musacheuke, alamu," ananong'ona.

A Namakhwa sanacheuke. Pakhosi pawo pankamveka kuzizira ngati munthu waweramira kuti aone. Anadziwa kuti akamenya mongoganizira aphonya. Anachotsa msomali. Anagogoda pansi pa jagi ndi chikhadabo, apa ngwee, apa ngwee, apa ngwee, mpaka pamene panayankha mogontha. Anaikapo nsonga.

"Pepani, bambo," anatero mokweza, ngati akulankhula ndi mnzawo wa pa ntchito. "Ndinaikonza chifukwa ndi yokongola. Inunso mukudziwa."

Anamenya kamodzi.

Chotsekera chinagwera m'kati, gobede. Kuchokera pa bowo kunanyamuka mng'alu woonda ngati tsitsi, unakwera, unadutsa pakati pa agalu awiri, n'kukaima pa mwendo wa hatchi. Jagi inakhala yamphumphu.

"Mwaona?" anatero a Namakhwa, misozi ili m'maso. "Dothi la mchere limenelo."

Anaiimika m'dzenje muja, n'kukwirira kumunsi kokha kuti agalu aziwoneka. Bisiyasi anagwada, anaomba m'manja mwaulemu, n'kunena mawu amene adzukulu amanena pogoneka munthu, kuti malo ndi ano, agone, asavutitse ana. A Namakhwa anapendeketsa chigubu.

Thobwa linalowa, ndipo silinadzaze. Pansi pa nthaka panamveka kumeza. Osati mmene madzi amalowera m'dothi, ayi, kumeza kwa pakhosi, gu, gu, gu, kwa munthu amene wayenda ulendo wautali padzuwa. Anathirabe. Chigubu chinapepuka, chinatha. Kunakhala zii. Kenako china chake chinapuma mpweya wautali, ndipo masamba a mapeyala anagwedezeka kamodzi.

Nkhululu zinayambiranso.

"Bambo a Tereza!"

Anathamanga onse awiri. Anapeza mayi aja atakhala tsonga pakhonde, atatsamira chipilala, kapu ili pambali pawo. M'kapumo munali madzi otsala.

"Madzi afika," anatero. "Ndakhuta." Kenako anayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma inu, mukadzatolanso chinthu kumtsinje, mudzamwere nokha."

Pakati pa shelefu yapamwamba sanaikeponso kanthu. Alendo ankabwerabe, ndipo a Namakhwa ankawaonetsa monga kale, khungu la lalanje, mchere, kulira kwa ngwee. Akafika pa malo opanda kanthu paja, ankatenga kapu ya thobwa n'kunena kuti, "Yoposa zonsezi ili panja. Tiyeni." Ankawatsogolera pakati pa mizere ya chinangwa, chifuwa chili patsogolo, mpaka pansi pa mapeyala, pamene jagi ija inkanyezimira ndi mvula, udzu wozungulira utazulidwa bwino.

Mzungu wina wodziwa zinthu zimenezi atagwada n'kuiona, anagwira kumutu. Anati chinthu chotere sichiyenera kukhala pa mvula, chiyenera kukhala m'galasi, ndipo anatambasula dzanja kuti aizule aione pansi.

A Namakhwa anamugwira pamkono, mwaulemu koma molimba.

"Za m'nyumba zija ndi zanga, bwana, gwirani mmene mungafunire. Iyi ine ndimangoisamalira. Eni ake alipo, ndipo akukumvani. Vulani chipewa, mupereke moni."

Mzungu uja anayamba kuseka. Kenako anayang'ana pansi, pa dothi louma la pambali pa jagi pamene panali phazi limodzi lalikulu lonyowa, ndipo chipewa chinatsika chokha.

Eya, nkhani ndi imeneyo. Ndipatseni thumba langalo, lili kuseri kwa mpando wanu. Ayi, khalani, nkhuni zikadalipo, chezani. Ine ndikagona kutsidya, ndipo ndikufuna ndiwoloke mtsinje anthu akadayenda m'njira.